Galasi Losakwecha

Tadala, tula chinkhupulecho. Ndati tula pansi, osati kuchibisa kumbuyo ngati ine ndilibe maso. Nawenso Chikondi, mbale ya phulusayo ika apo. Galasilo musalipukute, musaliuzire, musaliyandikirenso. Lisiyeni chomwecho ndi phulusa lakelo, mubwere mukhale pamphasapa. Ine kungochoka pang'ono kukaona amisiri akumalizitsa chiliza cha agogo anu kumanda, pobwera ndikupeza mwalowa kuchipinda kwanga, mwasolola bokosi kunsi kwa bedi, mwatulutsa chinthu chimene chibadwire simunachigwirepo, mwachiyedzamiritsa kukhoma pabalaza pano, mwayamba kuchikwecha ngati mphika wa nyemba zopserera. Ana inu mudzandipha ndisanadwale.

Ndamva, ndamva, amayi anu ndiwo atuma. Esinati ameneyo ndidabala ndine, ndimamudziwa. Wakhala ku Boma uko, waimba foni kuti mawa kubwera alendo ku mwambo wa chiliza, ndiye chilichonse m'nyumba muno chiwale, ndi galasi lomwe lija adaliona nthawi ya maliro lili ndi banga pakati. Iye kulamula amatha, kufunsa ayi. Inunso mwatengera komweko. Safunsa adadya phula, ana inu. Chimene mukuti banga, chimene mukuti litsiro, ndi dzanja la agogo anu aamuna, a Ngozo. Chikhatho chawo chenicheni ndi zala zake. Tsopano lili kunsi kwa phulusa mwapakalo, ndipo kaya latsala kaya mwalifafaniza, ine sindidziwa. Kuti nditsuke pompano ndione, mtima ukukana. Ndiye muyambe mwamva kaye za galasi limeneli, mwina mtimawu ungakhale pansi.

Agogo anuwo adali munthu wosatenthetsa mpando. Tidakwatirana ndili kamtsikana, m'tchalitchi chakale chija cha udzu, ndipo mimba ya malume anu oyamba isanaoneke n'komwe, iwo adali atalembetsa kale za ku migodi ya ku Joni. Masiku amenewo mwamuna wosapita ku Joni ankamuseka ndi ana omwe. Munthu ankachoka ndi kabudula wong'ambika, pobwera ali m'jasi, chipewa chopendekeka, sutikesi yachitsulo atasenza mng'ono wake. Anzawo adabwera ndi njinga, wayilesi, makina osokera. A Ngozo adabwera ndi gombeza, nsapato zazikulu zoti zimawavuka, ndi kachala kakang'ono ka dzanja lamanja katatsala theka. Theka linalo udadya mwala wa mumgodi. Kachala kameneko mukasunge m'mutu.

Ndimati basi aphunzirapo, akhala. Adalima nane zaka zochepa, kenaka ndidayamba kuwaona akuimika khasu n'kumayang'ana kumsewu. Ndikadandaula ankati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ine ndinkati nanga mkazi wa ng'onayo azidya chiyani? Ulendo umenewo sadapite ku mgodi, adangoyenda m'mafamu, lero uku mawa uko, mpaka tidamva kuti ali ku Namibia, dziko la mapiri ouma, akukonza mipanda ya waya ndi mijigo yomwetsera ng'ombe. Kuno anthu adayamba kuwatchula mtchona, ine mkazi wa mtchona. Ankabwera ndithu pakapita zaka, kukhala mwezi, kundisiyira mimba, n'kubwerera. Ana onse ndidawabatizitsa ndili ndekha. Apongozi anga, amayi awo owabala, atamwalira ndidasambitsa ndine, iwo uthenga udawapeza udzu utamera kale pamanda.

Munda wa kachewere mukuuona kumtsetse uko ndidautsegula ndi manja anga awa. Inu lero mukafuna ku Lizulu mumangoimika dzanja, njinga yamoto yaima, mwakwera muli pa foni. Ife tinkakumba mbatata kuzizira kwa ku Tsangano kuno kukuluma zala, kusenza matumba mpaka kumsewu, kudikira lole ya matola imene mwina ibwera mwina sibwera. Ikatitimira m'matope, tonse kutsika kukakankha, mwana ali kumsana. Kamba wathu adali chimanga chokazinga chomanga pansonga ya chitenje, ndi chigumu ngati nthochi zapsa. Osati zibwente mumagula m'mapepalazi, zodya n'kumvanso njala. Tikafika ku Lizulu nkhope zili mbuu, ogula kumatinyoza mbatata kuti n'zazing'ono. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni. Ndikufuna mudziwe kuti bambo ameneyu ndinkamudikira ndili ndi mkwiyo, ndipo ndinkadzitonthoza kuti tsiku lobwera kotheratu adzabwera ndi chinthu chooneka, choti anzanga pondiona ine adzati Nankhoma sadavutike pachabe.

Ulendo wina atabwera kutchuthi, Esinati ali ndi mimba yako iwe Tadala, a Ngozo adandiuza kuti za ng'ombe adasiya kalekale. Pafupi ndi famu ija padabwera anthu ophunzira za kumwamba, ochokera maiko osiyanasiyana, n'kumanga zimphona zachitsulo zonga malichero, lichero limodzi kutalika kuposa tchalitchi chathu, ndipo m'kati mwa lililonse adayalamo magalasi ozungulira mazanamazana. A Ngozo, poti manja awo adali odekha ndipo pamwamba sankaopa, adawatenga kuti azithandiza kumangirira magalasiwo ndi kuwasamala. Ndidafunsa kuti magalasi onsewo akudziyang'anirapo ndani. Adaseka mpaka kutsokomola.

Adati si odziyang'anira nkhope, n'ngotchera kuwala. Tamverani mmene adandifotokozera, ine ndikusenda mbatata. Adati kutali kumwamba uko kuli nyenyezi zina zimene zidaphulika kalekale, ndipo zimaponya kuwala kwaukali kumene diso la munthu silingaone, eni akewo amakutcha gama. Kuwalako sikufika pansi pano. Kukagunda mpweya wa mumlengalenga kumasweka, n'kutulutsa kung'anima kwa buluu, kofooka, kosakhalitsa, koti kuphethira kwako n'kochedwa. Galasi limodzi silingakugwire. Ndiye amaika ambiri ngati anthu a dima pamunda umodzi, lililonse lopindika pang'ono, lolozetsedwa bwinobwino, kuti onse aponye kakuwala kawo pamalo amodzi pomwe pali kamera. Limodzi likapotoka lili ngati wa dima amene walowa m'munda wa eni. Ntchitoyo imagwirika kukakhala kulibe mwezi, n'chifukwa chake adasankha dziko louma, lopanda mitambo, lakutali ndi magetsi a m'tauni.

A Ngozo ankasimba monyadira kuti m'mawa, kuzizira kwake koposa kwa kuno, iwo ali pamwamba pa makina okweza anthu, lamba m'chiuno, kulandirana galasi limodzilimodzi ndi mnzawo, osayankhula kuopa malovu angagwerepo. Kumbuyo kwa galasi lililonse kuli timakina tolipendeketsa pang'onopang'ono, ndipo polilozetsa amasankha nyenyezi imodzi, n'kumasuntha magalasiwo mpaka onse agwirizane pa kadontho kamodzi. Ine mumtima ndinkati, munthu uyu denga lathu likamadontha sakwerapo, akuti msana.

Ndidati, a Ngozo, ndiye kuti mudandisiya ndekha ndi ana kuti mukathandize anthu kugwira chinthu chosaoneka? Adati inde, Nankhoma, koma chilipo. Ndidati nanenso ndilipo, ndipo ndimaoneka. Adangotola mbatata imodzi n'kuyamba kusenda nawo, kusenda kwakenso kotaya mnofu.

Tsiku lobwera kotheratu lidakwana tsitsi lawo litayera. Uthenga udafika kuti tikawachingamire pa sitolo za pa Tsangano ndi ngolo, poti ali ndi katundu wosafuna kugwedezeka. Mudzi wonse udamva. Anamaseko, anzanga aja a kutsidya kwa dambo amene amuna awo adawabweretsera makina osokera, ankati mwina ndi wayilesi ya kanema, ena ankati ndi injini yothirira kudimba. Ine ndidavala chitenje chatsopano. Tidawapeza atakhala m'mbali mwa msewu, atakumbatira bokosi ili ngati mwana wodwala. Adadutsa nalo Zambia yense, kulowera ku Mchinji, ndipo m'basi monse bokosi linkakhala pampando, iwo thako limodzi lili m'malere. Pangolo adakana kuti ng'ombe zifulumire. Ulendo umene timafika dzuwa lili pamutu tidafika nkhuku zikulowa.

Inu mwabadwira m'magalasi, simungamve. M'minibasi galasi, kosetsa tsitsi galasi, foni nayo mwaisandutsa galasi, tsiku lonse kupotoza milomo ngati mwalawa bwemba. Ife kalilole woyamba m'banja mwathu adali kachibenthu kokwana m'chikhatho, ka amayi anga, kosomeka kudenga. Pakakhala ukwati tinkabwerekana mudzi wonse. Masiku ena onse nkhope yako ankakuuza ndi mnzako, kapena unkaiona mumtsuko potunga madzi. Ndiye musaganize kuti ndidali munthu wonyoza galasi. Koma pali galasi lodikira sabata, pali chinthu chodikira moyo wonse.

M'mawa mwake anthu adadzaza pakhonde. A Ngozo adasamba m'manja, adavala magolovesi oyera, n'kuyamba kumasula bokosi mosafulumira ngati abusa akuvundukula mgonero. Chivundikiro chitachoka, anthu adasuzumira m'bokosimo. Galasi. Lozungulira ngati lichero lalikulu, lochindikala ngati chala, lobenthuka pang'ono m'mphepete. Kuwala kokha linkawala, nkhope yanga idaonekamo ndi makwinya omwe kalilole wanga ankandibisira. Koma galasi ndi galasi, silisoka malaya, silithirira dimba. Ndidamva Anamaseko akutsokomola kumbuyo kwanga, kutsokomola kwa munthu wobisa chiseko. Manyazi adandigwira. Pofuna kuti manja apeze chochita, ndidaona kafumbi pagalasipo, ndidagwira nsonga ya chitenje kuti ndipukute.

Dzanja lawo lidanditi gwi pamkono. "Nankhoma, ayi. Silikhudzidwa limeneli."

Taganizani, ana inu. Mwamuna ndamudikira zaka zonsezo, kundigwira koyamba pamaso pa anthu n'kondiletsa kupukuta fumbi. Ndidalowa m'nyumba, ndipo sabata imeneyo mchere m'ndiwo ndinkauiwala dala.

Mkwiyo utaphwa pang'ono adandikhazika pansi. Adatenga kalilole wanga wa pamsika, adamutembenuza, adati taonani, uyu chowala chake chili kumbuyo, galasi lili patsogolo kuchitchinjiriza, n'chifukwa chake mumapukuta mmene mufunira. Koma ili chowala chake chili pankhope penipeni, chifukwa kuwala kofooka kuja kukati kudutse kaye m'galasi, kwina kumatayika. Adati galasilo amayamba alipera ndi kulisalaza mpaka lipindike mwa muyeso wake, kupindika koti diso silingaone. Kenaka amalitsekera m'thanki, amapopa mpweya wonse kuti utuluke, amatenthetsa chitsulo mpaka chisanduke nthunzi, nthunziyo n'kukhala pagalasi ngati mame. Pamwamba pake amakhazikanso nthunzi ya mwala woyera kuti itchinjirize. Zovala ziwirizo kupyapyala kwake, khungu la anyezi n'chikopa cha ng'ombe. Ukapukuta ndi nsalu, fumbi lomwelo limakanda. Ukakhudza ndi chala, thukuta ndi mafuta zimadya chitsulocho, makamaka galasi likakalamba ngati ili, ndipo chidindo chake ukachisiya chigone sichichokanso.

Ndidafunsa kuti n'chitsulo chanji chamatama chotero. Adati aluminiyamu. Ndidati aluminiyamu wa sefuliya? Adati yemweyo. Apo ndiye ndidaseka ine. Ndidati bambo, sefuliya ndakhala ndikukwecha ndi phulusa ndi mchenga chiyambire ndili namwali, ndipo ikamakwechedwa m'pamene imawala. Adati mukadzakwecha ili mudzaona khoma kuseri kwake. Mwaona tsono? Nzeru mwachitayi ndidayamba kuiganiza ndine, kungoti ine ndidafunsa. Ndipo chondiwawa n'choti kukwechako ndidakuphunzitsani ndine ndemwe, pathandala paja, kuti mtsikana amadziwika ndi mapoto ake. Zina zonse ndimakuuzani zimapita ndi mphepo, kupatsa moni mutagwada kudakukanikani, koma ichi chokha mudachigwira bwino.

Chikondi, ukuti adaba? Pakamwa pakopo. Agogo ako adali mkulu wa mpingo. Galasi lokhala panja zaka, fumbi, mame, zitosi za mbalame, limayamba kuzilala. Kwa ife lowalabe, kwa eni akewo latha mphamvu. Ndiye idafika nthawi yoti onse awatsitse, awatumize kunja akawavule chovala chakale n'kuwaveka chatsopano. Ili lidapezeka lobenthuka m'mphepete, losayenera ulendo. Poti a Ngozo ndiwo adalimangirira pachiyambi, ndipo nthawi yawo yopuma ntchito idali itakwana, akuluakulu a pamalopo adawafunsa chimene angakonde kuti azikumbukira. Munthu wanzeru akadatchula njinga yamoto. Iwo adaloza galasi lobenthuka.

Lidakhala m'nyumba muno ngati mkazi wachiwiri, ndipo wapamtima ndiye. Miyambo yake yochuluka kuposa ya kuchinamwali. Madzi a pachitsime ayi, akuti amasiya mchere. Madzi a padenga ayi, ali ndi dzimbiri. Ankafuna a mvula yogwa yokha, otchera m'beseni loyera pakati pa bwalo, mvula yoyamba itatsuka kale fumbi la kumwamba, n'kuwasunga m'chigubu chotseka. Anthu akuthawa mvula kulowa m'nyumba, amuna anga akutuluka ndi beseni. Kutsuka kwake n'kongothira kuchokera pamwamba, madzi atsike okha, liume lokha lili chiimire. Ndipo lamulo lalikulu lidali loti lisaonane ndi dzuwa. Ankati ngakhale zimphona zija masana amazitembenuza kuti zifulatire dzuwa.

Lamulo limenelo adaliswa okha eni ake. Tsiku lina m'chilimwe adalitsuka n'kuliimika pakhonde pamthunzi kuti liume, iwo n'kupita kukakamba nkhani za kutchalitchi. Mthunzi sudikira munthu. Dzuwa litapendeka lidalipeza galasi, galasi lidatenga dzuwalo n'kuliunjika pa pepala lakuda la pulasitiki limene tidafunditsa nkhokwe, kutsidya kwa bwalo uko. Ine ndikuchokera kudimba ndidamva fungo. Kuyang'ana, pepala likufuka, labooka, udzu wa kunsi kwake wayamba kuda. Ndidakhuthula ndowa yonse ya madzi pamenepo, kenaka ndidathamanga kukaimika mphasa patsogolo pa galasi, poti ngakhale chimanga chathu chili pafupi kupsa, kulikhudza ndinkaopabe. Atabwera ndidawalalatira mpaka mawu kusasa. Iwo m'malo mopepesa adayamba kuyeza mapazi kuchokera pakhonde kukafika pankhokwe, nkhope ili mwee, akuti mwaona Nankhoma, likadali pa muyeso wake.

Nkhani idamveka mpaka ku Mozambique kuti a Ngozo adabwera ndi kalilole wotumiza moto. Mukuwadziwa anthu. Poti asing'anga ena amaombeza ndi kalilole, padayamba kufika alendo m'mamawa, uyu mbuzi yasowa, uyu akufuna aone amene akumudwalitsira mwana. Bambo wina adabwera ndi tambala m'khwapa. Akulu anzawo a mpingo nawo adafika atavala majekete, kudzafunsa ngati m'bale wawo akadali m'kuunika. A Ngozo adawakhazika pansi onse, n'kuyamba nkhani ya nyenyezi zophulika ndi dima lija kuchokera pachiyambi, mpaka alendo adayamba kusinza n'kutsanzika okha. Sadabwerenso. Koma thobwa adamwalo ndidaphika ndine. Kuyambira pamenepo galasi lidalowa kunsi kwa bedi, n'chifukwa chake inu mukabwera kuholide simunkaliona.

Kenaka ukalamba udafika. Mulungu andikhululukire, koma nthawi zina sindimumvetsa. Munthu amene adatha zaka akusamala maso a zimphona, ake omwe adachita khungu. Madokotala adati si ng'ala yokha, vuto lili m'kati mwenimweni. Adayamba kuyenda chogwira khoma. Inu mukukumbukira, munkawatsogolera kutchalitchi mukukanganirana ndodo. Ntchito yotsuka galasi idagwera ine, mkazi wamkulu kusambitsa mkazi wamng'ono. Iwo ankakhala pabedi kumvetsera madzi akutsika, akuti mwafulumira, akuti chikho mwayandikitsa. Wosaona, koma kulamula osasiya, ndiye mukudabwa kuti Esinati adatengera yani. Ndikamaliza ankafunsa, kodi likuwalabe? Ndinkati likuwala. Ankati mukuonamo chiyani? Ndinkati nkhalamba yotopa ndi inu. Ankaseka.

Matenda omaliza adabwera m'nyengo yozizira, chifunga chitakhala paphiri osachoka. Khungu lawo linkasweka, ndiye m'mawa uliwonse ndinkawadzoza mafuta m'manja ndi kumapazi. M'mawa wina nditangomaliza kuwadzoza adati nditulutse bokosi. Ndidati si nthawi yotsuka ino. Adati tulutsani basi. Ndidalikoka ndikung'ung'udza, ndidavundukula, ndidaliimika pafupi ndi bedi. Adafunsa funso lawo lija, ndidayankha yankho langa lija. Kenaka adatambasula dzanja lamanja, kufufuza m'mphepete mwa bokosi, ndipo ndisanazindikire chimene akuchita, adaika chikhatho chonse pakati pa galasi, ndi mafuta ake omwe, n'kukanikiza.

Ndidakuwa ine. "A Ngozo, silikhudzidwa limenelo!" Ndidawagwira pamkono, malo omwe aja adandigwira ine pakhonde. Ndidadzuka kuti ndikatenge chigubu nditsuke msanga lisanadye.

"Siyani, Nankhoma," adatero. "Khalani pansi."

Ndidakhala. Adapuma kaye, poti mawu ankawavuta, kenaka adati, "Nyenyezi zili ndi magalasi ambiri, sizidandaula. Inu mudandidikira zaka zonse zija, ine n'kumangochoka. Ndikuchokanso, ndipo ulendo uno ngolo musatumize. Koma apa mukapasiya pagone, sindichokapo."

Ndidati ndiye mwandiletsa zaka zonsezi kuti mudzaliononge nokha?

"Ndimasunga malo," adatero.

Ndidawatukwana chamumtima, ndidatuluka kukalira kuseri kwa nkhokwe kuti asandimve. Mwezi usanathe tidawaika.

Sindidauze munthu, ngakhale Esinati. Zina n'za kuchipinda. Dzanjalo lidakhala monga adanenera, poyamba lonyezimira mafuta, kenaka lidatuwa n'kukhazikika, mizere ya m'chikhatho kuoneka yonse, ndi kachala katheka kaja. Ndathirapo madzi a mvula kangapo, silisuntha. Inu muli ndi zithunzi zawo m'mafoni mwanu, ndikudziwa, mumandionetsa ali m'jekete, akuyang'ana kumbali ngati wogwidwa ndi apolisi. Foni ikagwa m'madzi, agogo apita. Chiliza tikuvundukula mawacho n'chabwino, Esinati wayesetsa, sindinyoza, koma n'simenti, waumba ndi mmisiri amene sadawaonepo. Apa pokha m'pamene adaika okha. Ndikatopa ndi kusowa wokangana naye ndimatseka chitseko, ndimavundukula, nkhope yanga imaoneka pakati pa zala zawo, ndimawauza zonse zandinyansa tsiku limenelo. Ndipo ndi nthawi yokhayi imene amamvetsera osandidula mawu.

Tadala, leka kulira, misozi sitsuka galasi. Dzuka. Phulusalo likakhalitsa nalonso likudya. Pita kuchipinda, kuseri kwa chitseko kuli chigubu chobiriwira. Usandiuze kuti madzi amenewo mwathira m'thobwa la mawa. Alipo? Chabwino, lero Mulungu wakukondani. Chikondi, kasambe m'manja, ubwere ugwire m'mphepete mokhamokha, uliimike chilili, kunsi kwake uike beseni. Ine ndikhala pompano, sindiyandikira. Tadala, tenga chikho, uyambire pamwamba. Pang'onopang'ono. Usalondole ndi dzanja, mwana iwe, zalazo zikufuna chiyani? Madzi atsike okha. Thiranso.

Imani kaye ndione.

Mbali iyi yapita. Mwaona mmene adanenera? Silo khoma likuoneka kuseri kwake, langokhala ngati galasi la pazenera. Mikono muli nayo ndithu, amuna anu sadzadandaula za mapoto. Thira apa tsopano, pakatipa. Ayi, sindikuyang'ana, ndiuzeni phulusa likatsika. Latsika?

Chala chachikulu palibe. Mwachidya chonse, ndi kambali ka chikhatho. Koma taonani apa. Ichi cholozera. Ichi chapakati, ichi chinzake. Ndi aka, katheka kaja. Kalipo.

Mgodi udadya theka, adzukulu adya chachikulu, bambo ameneyu aliyense amangomubenthula. Zatsalazi n'zanga. Amayi anu akafika mawa muwauze nokha kuti galasi lili ndi banga ndipo likhala nalo, akafuna chowala akaonetse alendo masefuliya. Lisiyeni liume lokha. Chikondi, tseka zeneralo, dzuwa likulowa. Ndipo tulukani nonse, mukoke chitseko. Ndili ndi mawu ndi agogo anu.